Kiliniki ya mafupa yomwe inapeza vuto la phewa la bambo anga, ndaipatsa nyenyezi 4

Bambo anga anawaika phewa lachitsulo zaka zitatu zapitazo chifukwa nyamakazi inali itawononga zedi. Chaka choyamba zinali bhobho. Kenako ululu unayamba pang'onopang'ono, osati woti munthu mpaka kulira ayi, koma uja wausiku woti akangogonera mbali imeneyo basi tulo tatha, ndipo povala shati mkono umaima panjira iwo nkuchita tsinya.

Komwe anawapanga opaleshoni ankangoyeza magazi, CRP (muyezo wa m'magazi woonetsa ngati m'thupi muli kutupa kapena matenda) ili bwinobwino, thupi silikutentha, bala louma, mafinya palibe, ndiye yankho linali loti pitirizani fiziyo. Miyezi 8 tikuyenda choncho.

Kiliniki yachiwiriyi ndiye inandigwira mtima. Adokotala anaika ma X-ray akale ndi atsopano pambali pambali pa kompyuta nkutiitana tonse kuti tione. Analoza ndi cholembera kamzere kakuda kozungulira kachikho kapulasitiki komwe mutu wachitsulo uja umazunguliramo, akuti apa fupa likudyeka ndipo kachikhoka kayamba kugwedera. Anafotokoza kuti nthawi zina ndi tizidutswa ta pulasitiki toperepeseka tomwe timachititsa thupi kusungunula fupa, koma akuti sangaweruze asanafufuze kachilombo kena kotchedwa Cutibacterium acnes. Ine dzinali ndinkalimva koyamba. Ndi kabakiteriya ka ziphuphu komweka, kamakhala m'timabowo ta mafuta pakhungu makamaka kumsana, pachifuwa ndi m'mapewa, ndipo amuna amakhala nako kochuluka kuposa akazi. Kakalowa nthawi ya opaleshoni kamamatirira pachitsulo nkudzikuta ndi kachinthu konanda komwe mankhwala amavutika kulowamo, ndiye kamadya mwakachetechete, munthu osatentha thupi, magazi nkumaoneka abwino. Nchifukwa chake kuja ankatibweza.

Chomwe ndawapatsira nyenyezi zambiri nchakuti sanathamange. Anatenga tizidutswa 5 ta mnofu m'malo osiyanasiyana mkati mwa phewa nkuuza a labu kuti asunge mpaka masiku 14, chifukwa kachilomboka kamamera mochedwa, labu ikataya pa tsiku lachisanu ripoti limabwera loti mulibe kanthu pomwe kalimo. Kwa bambo kanamera tsiku la 9, m'tizidutswa tinayi. Abale inu, ndinakhala pansi misozi ili chuchuchu, osati chifukwa cha mantha koma poti munthu wamkulu anali atayamba kudzikayikira kuti mwina ululuwo ndi wam'mutu chabe.

Anachotsa zitsulo zonse, kutsuka, kuikamo kaye simenti ya maantibayotiki, kenako masabata 6 a mankhwala odzera mumtsempha, ndiye pambuyo pake phewa latsopano la mtundu womwe amati reverse, pomwe mutu wachitsulo uja umakhala kumbali ya fupa la kumsana kwa phewa. Anatiuziratu poyera kuti fupa lomwe linadyeka ndi lambiri ndiye tisayembekezere kuti mkono uzikwera ngati kale, ndipo zinalidi zoona, pano amafika pamutu kupesa tsitsi koma kumsana safikako. Manesi nawo ndiwayamikire, mmodzi anakhala nane mpaka nditadziwa kusamala pomwe panalowa kapaipi ka mankhwala kuti pasanyowe posamba.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha foni yawo. Kuimba kangapo osayankha, ndipo zotsatira za labu tinachita kukazilondola tokha zitatuluka kale masiku awiri, pomwe kunyumba munthu akubuula usiku wonse. Kudikira pa benchi nakonso kunali kwa maola ngakhale tinali ndi apoyintimenti. Izi akonze ndithu.

Ngati m'bale wanu ali ndi phewa loikirira ndipo likupweteka kapena kuuma popanda chifukwa chooneka, musakhutire ndi zoti magazi ali bwino, funsani ngati atenge mnofu komanso kuti labu isunga masiku angati. Bambo pano akugonera mbali yomweyo mpaka kucha.