Boti lakale la injini: kulikonzanso lonse, kusintha injini yokha, kapena kugula lina?

Munthu akaima pafupi ndi boti lomwe lakhala zaka pamtunda, maso amathamangira pa penti yosuwa, mipando yong'ambika ndi galasi losweka. Zimenezo n'zazing'ono. Penti imapakidwa, mipando imasokedwa. Ndalama zimathera kumene maso safika: pansi pa thabwa lopondapo, ndi m'kati mwa khoma lakumbuyo lokolekapo injini, lija amati transom. Musanasankhe njira iliyonse, yambani mwadziwa za m'menemo.

Maboti ambiri a fibreglass (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi) opangidwa kuyambira m'ma 1960 mpaka m'ma 1990 ali ndi matabwa m'kati. Transom ndi pulayiwudi yokutidwa ndi fibreglass mbali zonse, ndipo mitanda yoyenda m'litali pansi pa boti, yomwe imalimbitsa thupi lonse, nayonso ndi yamtengo. Fibreglass siwola, koma mtengo umawola. Madzi amalowera pa mabowo a mabawuti a injini, pa bowo lotulutsira madzi, paliponse pamene wina anaboola osamata bwino, ndipo akalowa satulukanso. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Tengani kahamala, mugogode transom pang'onopang'ono kuchokera ngodya ina kukafika ina. Polimba pamalira kuti ngo ngo, powola pamangoti phu phu. Kenaka pendeketsani injini m'mwamba, muigwire kumwendo n'kuikankhira pansi mwamphamvu. Khomalo likamagwedera, kapena ming'alu ya m'makona ikamayasama, mwapeza yankho. Mwini boti akalola, boolani kabowo kakang'ono cham'munsi, mbali ya m'kati, muone utuchi wotuluka. Wouma ndi woyera ndi nkhani yabwino, ndipo kabowoko mungokamatanso ndi guluu wolimba uja amati epoxy. Wakuda ndi wonyowa ukutanthauza kuti khoma lonyamula injini latha mphamvu. Apa sindinyengerera: transom yowola ikhoza kuthyoka boti lili paliwiro, injini n'kupita, madzi n'kulowa. Boti lotere musakwezemo ana anu ngakhale tsiku limodzi.

Yendaninso pa thabwa lopondapo opanda nsapato, phazi limamva pofewa msanga. Pansi pake pamakhala foam, chinthu chopepuka chonga siponji, yothandiza kuti boti lisamire, koma ikakalamba imamwa madzi. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye boti lobisa malita 200 lasenza kale makilogalamu 200 musanakwere munthu. N'chifukwa chake maboti ena akale amalemera poyenda, eni ake n'kumanamizira injini.

Njira yoyamba, yokonzanso lonse, ndi ya boti lomwe lalephera mayeso amenewa. Mudula thabwa lopondapo, nthawi zina mpaka kunyamula theka lonse lapamwamba la boti, mukokolola matabwa owola ndi foam yonyowa, mupala ndi girenda mpaka fibreglass yoyera ioneke, kenaka mukhazika pulayiwudi yatsopano yosaopa madzi n'kuikuta ndi nsalu ya fibreglass ndi resin, guluu wamadzimadzi woumitsa nsaluyo. Fumbi lake limayabwa khungu ndipo ndi loipa m'mapapo, choncho chotchinga pamphuno ndi m'maso sichosankha. Epoxy imagwira bwino pa fibreglass yakale kuposa resin ya polyester, koma ndi yodula. Chimene chimakweza mtengo kwenikweni si zipangizo ayi, ndi maola. Mukagwira nokha, mumalipira ndi masabata anu opuma. Mukalemba mmisiri, kawirikawiri ndalama zolowa zimaposa zimene botilo lingagulitsidwe likatha, chifukwa wogula amafunsa chaka chomwe linapangidwa, safunsa thukuta lanu. Ndipo mukangotsegula pansi, zina zimatsatira zokha: mawaya obiriwira ndi dzimbiri, nthambo ya chiwongolero youma, thanki ya mafuta, mapaipi. Petulo wosakaniza ndi ethanol amadya mapaipi akale a mphira ndiponso mathanki akale a fibreglass. Ngolo yokokera boti nayo ifuna matayala ndi mabeyaringi.

Koma phindu lake ndi lenileni. Mukamaliza, bawuti iliyonse mukuidziwa, bowo lililonse munamata nokha, ndipo palibe chobisika pansi pa mapazi anu. Chimenechi boti logula kwa munthu silingakupatseni.

Njira yachiwiri ndi yomwe ine ndimaikonda pamene thupi la boti lapambana mayeso: kusiya thupilo momwe liliri n'kuthana ndi injini yokha. Musathamangire kutaya yakaleyo. Makaniko apime kompuresheni, mphamvu yopanikiza mpweya, ya masilinda onse. Akasiyana osapitirira pafupifupi 10 peresenti, mtima wa injini ukadali bwino, ndipo kutsuka kabureta, kusintha mapulagi ndi kamphira kopopa madzi oziziritsa kungaidzutse. Tsegulani sikuluwu ya pansi pa giya muone oyilo: akatuluka wotuwira, madzi alowa, ma seal, timphira totchinga madzi, atha. Funsaninso za masipeya. Kampani ya OMC, yomwe inkapanga injini za maboti za Johnson ndi Evinrude, inagwa mu 2000, ndipo kampani ya BRP yomwe inadzatenga mainawa inasiya kupanga Evinrude mu 2020. Masipeya a injini zambiri zokoleka za mainawa akupezekabe, koma mtundu uliwonse uli ndi nkhani yake, choncho fufuzani ndi nambala ya injini yanuyo musanalowetse ndalama.

Mukasankha kugula injini ina, samalani ndi kulemera. Injini ya four-stroke imamwa mafuta ochepa, ilibe utsi wambiri, siisokosa, koma nthawi zambiri imalemera kuposa two-stroke yakale, ija yowotcha oyilo pamodzi ndi petulo, ya mphamvu yofanana. Boti lomwe linapangidwira two-stroke likhoza kukhala pansi kumbuyo, madzi n'kumalowera pa mabowo oyenera kuwatulutsa. Onani kachitsulo kolembedwa malire a hosipawa, ndipo muyeze kutalika kwa transom, poti miyendo ya injini imabwera ya mainchesi 15, 20 kapena 25.

Zonsezi ndi zophweka pa injini yokoleka, yomwe imangomasulidwa mabawuti. Boti la sterndrive, lomwe injini imakhala m'kati mwendo wake n'kutulukira pa transom, ndi lina. Volvo Penta inabweretsa kapangidwe kameneka mu 1959 ndipo kanafala kwambiri, koma kakakalamba kamavuta. Pali mphira zopindapinda zotchinga madzi pamene mwendo walowera, zomwe zikang'ambika boti limamira lili pa doko. Pali zitsulo zotulutsira utsi zomwe madzi amchere amazidya m'kati. Pa ma sterndrive akale a OMC, masipeya ena ndi osowa ndipo amakaniko owadziwa akuchepa. Boti lotere likakhala ndi transom yowolanso, ine sindingaliyambe.

Njira yachitatu ndi kugula lina lomwe likuyenda. Imaoneka yodula chifukwa ndalama zimatuluka kamodzi, pomwe kukonza kumakudyani pang'onopang'ono osazindikira. Ubwino wake, mwezi womwewo muli pamadzi. Kungoti nalonso ndi boti lakale, lingakhale ndi matenda omwewo, choncho kahamala kaja mupite nako. Musakhutire ndi injini yolizidwa pamtunda ndi paipi ya madzi. Iyesedwe pamadzi, anthu atakwera, ithamange mpaka pamapeto pa mphamvu yake, kenaka muizimitse n'kuilizanso ili yotentha. Za boti latsopano sindinena zambiri: ngati thumba likulola, mupeza chitsimikizo cha kampani, ndipo opanga ambiri masiku ano anasiya kuika matabwa mu transom.

Boti la aluminiyamu ndi losavuta kuliweruza. Thiranimo madzi pang'ono lili pa ngolo, muone ma rivet, timisomali tolumikiza aluminiyamuyo, amene akudontha. Ambiri ali ndi thabwa mu transom, koma kulisintha si ntchito yaikulu.

Pali boti limodzi lomwe masamu onsewa saligwira: lomwe munasiyiridwa ndi bambo anu, kapena lomwe munaphunziriramo kuyendetsa. Limenelo likonzeni ndi mtima wonse, mukudziwa kuti ndalamazo sizidzabwerera, ndipo muyambire pansi, penti idzabwere pomaliza. Lomwe ndimaopa ndi lija munthu akukupatsani ulere kuti lichoke pabwalo pake. Thupi likakhala lolimba injini yakufa, tengani. Injini ikakhala yamoyo thupi lowola, tengani injiniyo ndi ngolo. Zikafa zonse ziwiri, kanani mwaulemu, chifukwa fibreglass siwola, ogula zitsulo zakale saifuna, ndipo ntchito yolidula ndi kukalitaya idzakhala yanu.