Shopu yopeta mayina a makanda ku Limbe: ntchito yabwino, mtengo wokondera

Kashopu aka kali pafupi ndi msika wa Limbe, ndipo amapeta mayina pa mashawelo, zipewa ndi matawulo a makanda. Ulusi wawo ndi wolimba. Shawelo ya mdzukulu wanga yachapidwa kambirimbiri ndi sopo wamtanda, koma zilembo sizinasuluke kapena kusomphoka. Pamenepo ndawayamikira.

Chimene chinandiwawa ndi kawerengedwe ka mtengo. Amalipiritsa pa chilembo chilichonse. Ndiye kholo lotcha mwana Liam kapena Zoe limalipira pang'ono, pamene ife a Tiyamike, Chimwemwe ndi Madalitso timalipira pafupifupi kawiri. Ndinawauza mayi osokawo kuti mayina athu ndi ataliatali chifukwa amanena nkhani. Wathuyu tinamutcha Tiyamike atatuluka m'chikuta, mchombo utagwa, chifukwa amake anadikira zaka zambiri asanaone mwana. Dzina lotere silifupikitsidwa kuti likwane pa chipewa.

Buku lawo la zitsanzo nalonso ladzaza ndi Jayden, Ethan ndi Shanice. Sindikudana nawo mayinawa, mwana wa mchemwali wanga ali nalo lotere ndipo timamukonda. Koma mtsikana wobereka koyamba akatsegula bukulo osapezamo Tadala, Pemphero kapena Chisomo, amayamba kuona ngati akwathu ndi achikale.

Mayiwo anandimvetsera mwaulemu, anandichotserako pang'ono, ndipo analemba dzina papepala kuti ndilione asanayambe kupeta. Ndidzapitanso, koma aike mtengo umodzi pa dzina lililonse.