Thambo la madzulo: kupaka ponyowa kapena kusanjikiza?

Aliyense amene anayesapo kujambula kulowa kwa dzuwa ndi utoto wa madzi amalidziwa vuto lake. Chikasu chikangokumana ndi buluu, thambo limabiriwira ngati dambo la m'dzinja. Pali njira ziwiri zozembera zimenezi, ndipo ndazigwiritsa ntchito zonse pojambula madzulo a ku Chembe, ku Cape Maclear, kumene dzuwa limamira cha ku chilumba cha Thumbi asodzi akukonza nyali zokaphera usipa.

Yoyamba ndi kupaka ponyowa. Mumanyowetsa pepala lonse ndi madzi oyera, n'kudikira pang'ono kuti kunyezimira kuchepe. Kenako mumapendeketsa thabwa limene mwaikapo pepalalo, n'kuyamba ndi chikasu m'munsi pamene thambo lakumana ndi madzi, pinki pamwamba pake, buluu kumtunda kwenikweni. Pinkiyo ndiye mkhalapakati, amaletsa awiriwo kugundana. Ine ndimakonda pinki wotchedwa quinacridone rose chifukwa ndi woyera bwino ndipo safwifwa msanga ngati alizarin crimson wachikale uja. Zikayenda bwino, mitundu imalowerana yokha popanda mzere, ndipo chithunzi chimawala ngati kuseri kwa pepala kuli moto.

Koma njirayi siidikira munthu. Mu Okutobala kunyanja, pepala limauma mukadasakaniza utoto m'mbale. Mukabwerezanso ndi burashi yodzaza madzi pamalo pamene payamba kuuma, madziwo amakankha utoto n'kusiya chipsera cha m'mphepete mokhotakhota pakati pa thambo. Zinandichitikira tsiku lina thambo litatsala pang'ono kutha, dontho limodzi lokha lochokera kuchitsulo cha burashi, ndipo zinandiwawa mpaka usiku. Kuyambira pamenepo ndimasakaniziratu mitundu itatu yonse yokwanira ndisanakhudze pepala, ndimanyowetsanso kuseri kwake kuti lichedwe kuuma.

Yachiwiri ndi kusanjikiza. Mumapaka chikasu chokha, n'kusiya chiume kotheratu. Ikani kuseri kwa dzanja papepala. Likazizira, madzi akadalimo, musathamange. Likauma mumapaka pinki, n'kudikiranso, pomaliza buluu kuchokera pamwamba, mukumusungunula ndi madzi oyera asanafike pachikasu. Apa kutentha kumakuthandizani, ndipo mumakhala ndi mpata woganiza. Kwa amene akuyamba kumene, mtima umakhala m'malo. Choipa chake n'chakuti burashi ikadutsa kawiri katatu pamalo amodzi imatukula utoto wapansi, zonse n'kukhala matope. Komanso dzuwa silingakudikireni kuti muumitse katatu, ndiye njirayi ndi ya pakhonde, mukuyang'ana chithunzi cha pafoni.

Chimene ndinachedwa kuzindikira n'chakuti mlandu wa njira ziwirizi amagamula ndi pepala. Mapepala a thonje lokhalokha, monga Arches wa ku France kapena Saunders Waterford wa ku England, amamwa madzi pang'onopang'ono ndi kuwasunga nthawi yaitali. Utoto umakhazikika mkati, moti wosanjikiza pamwamba suusokoneza. Mapepala opangidwa ndi mitengo, monga Canson XL ndi Bockingford, ndi otsika mtengo, koma utoto umakhala pamwamba ndipo umachoka mosavuta. Pofuna kufufuta mtambo woyera ndi kansalu kapena tishu, kuchoka msangako n'kwabwino. Posanjikiza, n'kumene kumakulizani. Lililonse limene mwasankha, lisachepere magalamu 300 pa sikweya mita (300 gsm), chifukwa lopyapyala limapindika ndipo madzi amadikha m'makwinya. Ndikudziwa kuti la thonje ndi lodula, kwathu kuno n'lovutanso kulipeza. Ine ndimadula limodzi lalikulu tizidutswa tating'ono ngati chikhatho, kuti ndiphunzirepo kambiri.

Ndikafunsidwa, ndimasankha kupaka ponyowa, chifukwa kufewa kwa thambo la chisisira sindinakupezepo mwa njira ina. Ndimapaka mochindikala kuposa mmene diso likufunira, poti utoto wa madzi umayera ukauma. Mawa lake, ngati kumtunda kwayezuka, ndimasanjikiza buluu kamodzi kokha, mopepuka, burashi osabwerera m'mbuyo. Dzuwa lenileni sindilipaka: ndimakulunga ndalama yachitsulo m'tishu n'kudinda pepala likadali lonyowa, pamatsala bwalo loyera.

Chilumba, mlambe ndi mabwato zimabwera zonse zitauma gwa. Pamenepa musatenge utoto wakuda wa m'chubu, umapha kuwala konse kumene mwavutikira. Sakanizani buluu wotchedwa ultramarine ndi bulauni wofiirira wotchedwa burnt sienna, muonjezere kadontho ka pinki yemwe uja, ndipo musiye timizere ta pepala loyera pamadzi pansi pa bwato.