CMB kapena PMF: njira iti ingatiuze kochokera utsi wa ku Harare?

M'miyezi ya June ndi July, mukayang'ana cha ku Mbare kapena ku Highfield m'mamawa, mumaona utsi utangoti ndandanda pamwamba pa madenga. Mpweya wozizira umakhala pansi, wofunda n'kukhala pamwamba ngati chivundikiro, ndiye utsi umasowa kolowera. Mayi anga, omwe amakhala ku Mabvuku, amati ndi fumbi la simenti. Mlamu wanga amati ndi makombi, maminibasi onyamula anthu. Ena amaloza nkhuni zimene timaphikira magetsi akazima. Aliyense ali ndi mfundo, koma gawo la aliyense pa utsiwo ndi lalikulu bwanji?

Njira yotchedwa receptor modelling imayankha funso limeneli. Simupita kukayeza pa chumuni ayi. Mumaika makina pamene anthu akupumira mpweyawo, makinawo amakokera mpweya pa fyuluta kwa maola 24, kenako ku labotale amaona zimene zakodwa. Gwero lililonse limasiya mapazi ake. Potaziyamu ndi levoglucosan (mtundu wa shuga wotuluka zomera zikamapsa) zimaloza nkhuni ndi udzu wopsa. Silikoni, aluminiyamu ndi ayironi ndi dothi. Kalisiyamu wochuluka amaloza simenti, salifeti amaloza malasha, kopa ndi zinki zimachokera ku mabuleki ndi matayala, pomwe kolorayidi nthawi zambiri amabwera ndi zinyalala zotenthedwa pamodzi ndi mapulasitiki.

Anzanga amene mukufuna kuyamba ntchitoyi, mupeza njira ziwiri zowerengera pa kompyuta zikukanganirana, CMB (Chemical Mass Balance) ndi PMF (Positive Matrix Factorization), ndipo mapulogalamu a zonse ziwiri bungwe loteteza chilengedwe la ku America, la EPA, limapereka ulere.

CMB imafuna kuti mudziwiretu mapazi a gwero lililonse. Mumaiuza kuti utsi wa dizilo umakhala motere, wa malasha motere, ndipo iyo imawerengera kuti chilichonse chathira zochuluka bwanji mu fyuluta yanu. Ubwino wake ngwakuti ngakhale mafyuluta ochepa akhoza kukupatsani yankho. Koma kodi mapaziwo mukawatenga kuti? Ambiri amawatenga mu nkhokwe ya pa kompyuta yosunga mapazi a magwero yotchedwa SPECIATE, imene zambiri zake anayeza ku North America. Kombi yakale yodzaza pa Mbare Musika siitulutsa utsi wofanana ndi wa galimoto ya ku California, ndipo nkhuni za msasa si za paini. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti gwero limene simunaliganizire, CMB singalipeze. Mukaiwala kulowetsamo zinyalala zopsa, monga mtaya wa ku Pomona ukayaka, utsiwo imaukankhira kwa ena kapena kuusiya wopanda mwini.

PMF, imene Pentti Paatero ndi Unto Tapper a ku Finland anaifotokoza mu 1994, imayambira kwina. Simuiuza za magwero. Imayang'ana mafyuluta onse n'kuona zinthu zimene zimakwera ndi kutsika limodzi: ngati potaziyamu ndi mwaye zimakwera pamodzi tsiku lililonse lozizira, imaziika m'gulu limodzi. Kutchula gululo dzina ndi ntchito yanu, ndipo apa mpamene munthu wodziwa Harare amaposa katswiri wochokera kutali. Wodziwa Harareyo amadziwa masiku amene magetsi anazima, ndiponso kuti August mpaka October ndi nyengo ya moto wa m'tchire.

Mtengo wake ndi kuleza mtima. PMF imafuna mafyuluta ambiri, pafupifupi 100 kapena kuposerapo, ndipo azikhala a nyengo zonse: chisanu, chilimwe ndi dzinja. Fyuluta iliyonse ndi ndalama ku labotale. Mukangoyeza mwezi umodzi, zonse zimakwera limodzi chifukwa cha nyengo, ndiye magulu amasokonekera.

Pali pamene zonse ziwiri zimagwa. Dizilo wa jenereta ndi wa lole amafanana, monganso nkhuni za m'khitchini ndi lupsa. Kuti muwalekanitse, yang'anani kumene mphepo inkachokera tsikulo, ngati ndi ku mafakitale a ku Workington ndi Southerton kapena kunja kwa mzinda. Pulogalamu ya HYSPLIT ya bungwe loona za nyengo ndi nyanja la ku America, la NOAA, imathandiza kulondola utsi wochokera kutali. Timasensa totchipa monga PurpleAir timangokuuzani kuchuluka kwa PM2.5, tizidutswa tosalala kwambiri ta utsi ndi fumbi ta mumpweya, kuti muyerekeze ndi malire a WHO a 2021, omwe ndi mamayikulogalamu 15 pa kiyubiki mita patsiku. Timasensati sitinena kochokera utsiwo.

Ine ndingasankhe PMF, ngakhale kuti imatenga chaka. Ndalama zikachepa, ndi bwino kuyeza malo amodzi chaka chathunthu kusiyana ndi malo asanu kwa milungu iwiri. Ngati mulibe kuchitira mwina koma CMB, yambani mwakokera pa fyuluta utsi wa nkhuni zathu ndi wa makombi athu, musese fumbi la m'misewu ya ku Mabvuku, mupite nazo ku labotale, kuti mapazi amene mulowetse m'kompyuta akhale a kuno.