Kampani ya ambulansi yosamutsa odwala ngati ntchito yoyamba ya EMT: ndemanga yanga

Munthu akangokhoza mayeso a National Registry of Emergency Medical Technicians ku America, omwe amalemba ofuna kukhala EMT (wopereka chithandizo choyamba kwa odwala mu ambulansi), amayembekezera kuti mawa lake akwera ambulansi yoyankha mafoni a 911, nambala yoitanira thandizo pa ngozi, koma zinthu siziyenda choncho. Bungweli, lomwe linakhazikitsidwa mu 1970 ndipo likulu lake lili ku Columbus m'chigawo cha Ohio, limangochitira umboni kuti munthu akuidziwa ntchito, pamene chilolezo chogwirira ntchitoyo chimachokera ku boma la chigawo chimene munthuyo akukhala. Ngakhale chilolezocho chitapezeka, ntchito za 911 m'madera ambiri zili m'manja mwa ozimitsa moto, makhonsolo kapena makampani omwe anapatsidwa kontirakiti, ndipo ambiri mwa iwo amakonda kulemba munthu amene anagwirapo kale odwala. Ndi chifukwa chake EMT watsopano kawirikawiri amayambira ku kampani yoima payokha yosamutsa odwala kuchoka kuchipatala china kupita kwina. Ndemanga iyi ndi ya kampani imodzi yotere, kumene ine ndinayambira.

Pa kalembedwe ka anthu ntchito ndilibe chodandaula. Anandiuza momveka bwino zimene ndiyenera kubweretsa: chilolezo cha chigawo, khadi la CPR (njira yotsitsimutsira munthu amene mtima waima) la ogwira ntchito zachipatala lomwe limatha mphamvu pakapita zaka ziwiri, laisensi yoyendetsera galimoto yopanda milandu yambiri ya pamsewu, ndi umboni wa katemera. Anafufuza mbiri yanga, anandiyeza mankhwala ozunguza bongo, kenako anandinyamulitsa cholemera pokwera ndi potsika masitepe kuti aone ngati msana ndi miyendo zingapirire. Ananenanso poyera kuti amene sanakwanitse zaka 21 akhoza kulembedwa koma sangagwire chiwongolero, chifukwa kampani ya inshuwalansi siivomereza, ndipo mfundo imeneyi achinyamata ambiri amaimva mochedwa atataya kale nthawi. Maphunziro oyendetsa galimoto yothamangira ku ngozi, omwe amatchedwa EVOC, analipira okha.

Maphunziro a pantchito ndiwo anali osakanikirana. Watsopano amakwera ngati munthu wachitatu, pambali pa wophunzitsa ndi mnzake, mpaka atasainiridwa kuti angathe kuima yekha. Wophunzitsa amene ndinakhala naye nthawi yaitali anali wosamala kwambiri: sankalola kuti machira akwezedwe popanda kuwerengera limodzi mokweza mawu, ndipo ankaonetsetsa kuti malamba onse amangidwa ngakhale ulendo utakhala wongodutsa msewu umodzi. Koma ndinaona ophunzitsa ena akusaina mapepala a anzanga mothamanga chifukwa magalimoto anali kusowa anthu. Kampani imene ikupereka odwala m'manja mwa munthu wongochoka kumene m'kalasi siyenera kusiya ubwino wa maphunziro ake kudalira mwayi wa amene wamugwera.

Ntchito yeniyeni ndi yonyamula anthu otulutsidwa m'chipatala, okalamba ochokera ku nyumba zowasamalira, ndiponso odwala impso amene amapita kukasefedwa magazi pa makina a dayalisisi katatu pa sabata. Anthu ambiri amainyoza ntchito imeneyi ponena kuti ndi ya matola chabe, ndipo ine ndikutsutsana nawo ndi mtima wonse. Taganizirani bambo wachikulire amene wangochotsedwa pa makina atakhalapo maola pafupifupi anayi. Amakhala wofooka ndi wozizidwa, milomo itauma, ndipo kuthamanga kwa magazi ake kumatha kutsika mwadzidzidzi akangodzutsidwa. Pamkono umodzi pamakhala fistula, malo amene madokotala analumikiza mitsempha kuti makina azikokerapo magazi, ndipo mkono umenewo suyezedwa BP ngakhale pang'ono. Ukaika chala pamenepo umamva kunjenjemera kwa magazi akudutsa, ndipo umayang'ana bandeji kawirikawiri kuti uone ngati sikunyowa. Ukamunyamula munthu yemweyo Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, umafika podziwa nkhope yake ya masiku onse, kotero kuti tsiku limene akuyankha mochedwa kapena akupuma mosiyana umazindikira makina asanakuuze. Luso lozindikira kuti munthu wayamba kusintha ndilo maziko a ntchito yonse ya ambulansi, ndipo kuno limaphunzirika modekha, popanda phokoso la sayirini. Umaphunziranso kuwerenga mapepala a kuchipatala, kudziwa mayina a mankhwala, ndi kupereka lipoti kwa namwino mwachidule iye asanatembenuke kupita kwa wodwala wina.

Pa nkhani ya malipoti pali chinthu chimene chinandivuta mumtima. Medicare, inshuwalansi ya boma yolipirira chithandizo cha okalamba, imalipira ulendo wa ambulansi pokhapokha ngati wodwalayo sakanatha kuyenda pa galimoto ina popanda kuika thanzi lake pachiswe, choncho ndalama za kampani zimadalira mawu amene EMT walemba. Nthawi zina ofesi inkabweza lipoti kuti lilembedwe momveka bwino, zomwe zinali zoyenera pamene ndinasiyadi mfundo, koma nthawi zina pempholo linkamveka ngati lofuna kuti wodwala aoneke wofooka kuposa mmene analili. Pansi pa lipotilo pamakhala dzina lako ndi chilolezo chako, osati za bwana, ndiye uzilemba zokhazo zimene waona ndi kuyeza.

Malipiro ndi ochepa poyerekeza ndi kulemera kwa ntchito. Ofesi ya boma yowerengera za ntchito, Bureau of Labor Statistics, inaika malipiro apakatikati a EMT pa madola pafupifupi 39,000 pachaka mu 2023, ndipo woyamba kumene amalandira zocheperapo, motero ambiri amadalira ovataimu. Mashifiti anali a maola 12, koma ulendo wobwera kutatsala mphindi zochepa kuti uweruke unali wosakanika. Magalimoto ena anali okalamba, ngakhale kuti okosijeni, magolovesi ndi zipangizo zina sizinkasowa. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti luso lothandiza pangozi limazilala: ungathe miyezi osagwira makina a AED odzidzimutsa mtima ndi magetsi kapena kuletsa magazi otuluka kwambiri. Kampani inkapereka ena mwa maola 40 a maphunziro amene National Registry imafuna pa zaka ziwiri zilizonse, koma ambiri anali a pa kompyuta, pamene manja ndiwo amafunika kubwereza.

Ndingailimbikitse kampaniyi kwa EMT watsopano amene akufuna kuzolowera odwala asanapite ku 911 kapena ku sukulu ya paramedic (udindo wapamwamba kuposa wa EMT), malinga akalowe akudziwa kumene akulowera. Pa mafunso olowera ntchito afunse kutalika kwa nthawi yokwera ndi wophunzitsa, ngati kampani ilinso ndi magalimoto a 911 ndi njira yosamukirako, komanso mmene amalipirira maola opitirira. Akamulonjeza kumulipirira sukulu ya paramedic, apite nalo pepalalo kunyumba akaliwerenge bwinobwino asanasaine, chifukwa la kampaniyi linkamanga munthu kuti agwire ntchito kwa nthawi yoikika akamaliza sukulu, ndipo wochoka nthawiyo isanakwane ankabweza ndalamazo.