Ulendo wa ku Mariefred: nyenyezi zitatu, ziwiri ndi za mkango

Kampani imene inatitenga ku Stockholm, likulu la dziko la Sweden, inalonjeza ulendo wa tsiku lonse. Ndalama zake si zoseweretsa ayi. Koma tsiku lonse lake liti? Mayi amene ankatitsogolera maso anali pa wotchi chitsikireni m'basi. Mudzi wa Mariefred, wa tinyumba tamatabwa m'mbali mwa nyanja ya Mälaren, tinangoudutsa chothamanga. Munthu ukaima kuti ujambule, iwo ali patsogolo uko akukodola.

M'nyumba yachifumu ya Gripsholm, imene ili ku Mariefred komweko, zinali chimodzimodzi. Anatiuza kuti anaimangitsa ndi mfumu Gustav Vasa kuyambira mu 1537, kenako n'kutithamangitsa m'zipinda zodzaza zithunzi za mafumu ndi anthu otchuka a dzikolo. Bwalo la zisudzo limene mfumu Gustav III anaika m'kati mwa nsanja yozungulira tinangolisuzumira pakhomo. Nditafunsa za Johan, amene mkulu wake, mfumu Erik XIV, anamutsekera momwemo pamodzi ndi mkazi wake, anandiyankha akuyenda. Mtima unandiwawa ndithu.

Ndiye tinafika pa mkango. Abale inu! Mkango umenewu unapatsidwa kwa mfumu Fredrik I mu 1731 kuchokera ku Algiers, kumpoto kwa Africa. Utafa, chikopa ndi mafupa zinaperekedwa kwa mmisiri kuti auumbenso uoneke wamoyo, ndipo akuti bamboyo anali asanaonepo mkango chibadwire. Zimenezo sizifuna mboni. Timaso tayandikana pamwamba pa mphuno, mano ndi osalala ngati a munthu, lilime lili panja. Nkhope yake ili ngati ya galu wa pakhomo amene wamva fungo la nyama ya pa ukwati. Ndinaseka mpaka misozi, agogo ena a ku Germany nawo akugwira m'mimba.

Apa mpamene mayi aja anasintha. Wotchi anaiiwala, nawonso akuseka, n'kutiuza kuti tiime cham'mbali. Zoonadi, ukauonera m'mbali ukufanana ndi mikango ya pa zizindikiro zachifumu za ku Ulaya, kusonyeza kuti mmisiriyo anatengera zimene ankazidziwa. Anafotokoza bwino kwambiri moti ndinazindikira kuti ntchito amaidziwa, koma mabwana awo ndiwo amawapanikiza ndi nthawi. Komabe funso langa la Johan sanandiyankhe, sindinaiwale.

Potuluka anatilola kuima pa miyala yolembedwa m'nthawi ya ma Viking (anthu akale a kumeneko oyenda panyanja) imene ili panjira, koma dalaivala anali ataliza kale injini.

Mukafuna kupita, pitani nokha m'chilimwe. Pali sitima yapamadzi yoyendera nthunzi, ya mu 1903, imene imanyamuka ku Stockholm n'kutenga maola atatu ndi theka. Tengani khadi la kubanki, chifukwa malo ambiri ku Sweden ndalama zapamanja salandira.