Chipata kapena Tete: kopita pa galimoto yanu Lachisanu n'kubwera Lamlungu

Anzanga a kuntchito sakutopa kundifunsa funso limodzimodzi: akufuna kudumpha malire Lachisanu, akapume pang'ono, Lolemba akhale ali pantchito. Apite kuti? Kwa ife okhala mu Lilongwe, mizinda yakunja yoti n'kufika osagona panjira ndi iwiri, Chipata ku Zambia ndi Tete ku Mozambique. Lusaka muyiiwale, chifukwa kuchoka pa Chipata pali makilomita opitirira 550, ndiye masiku onse awiri angathere pachiwongolero. Konse kuwiri ndinapitako pa galimoto yanga, ndipo ndinene poyera kuti mtima wanga uli ku Chipata.

Pa mtunda palibe mpikisano. Chipata ili pafupifupi makilomita 150 kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Mchinji. Tete, mukadzera pa Dedza n'kulowera ku Ulongué, ndi makilomita opitirira 300, ndipo mukayandikira Moatize mumayamba kupanikizana ndi mathiraki. Viza safunika konse kuwiri kwa Mmalawi, ndipo konse amayendetsa kumanzere ngati kwathu.

Pomwe pagona nkhani ndi pa inshuwalansi.

Pali khadi ija amati Yellow Card, ya mayiko a COMESA. Mumaigula kuno musananyamuke, ndipo mukachita ngozi n'kuvulaza munthu kunja, imakuimirani. Malawi ndi Zambia onse ali mu COMESA, choncho pa Mwami, polowera ku Zambia, mukangoionetsa nkhani ya inshuwalansi yatha. Mozambique inatuluka mu COMESA mu 1997. Khadi imeneyi kumeneko ilibe ntchito.

Munthu amene anandigulitsa khadiyo ndinamuuza bwinobwino kuti ndikupita ku Tete. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Bwana, iyi ndi ya mayiko onse oyandikana nafe, yendani mosadera nkhawa." Analandira ndalama, n'kundipatsa lisiti. Nditawoloka malire ndinauzidwa kuti ndigule inshuwalansi ina ya komweko, imene iwo amati seguro. Lamulo lawo ndi lomveka ndipo sindikulitsutsa. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti amene ntchito yake ndi kugulitsa inshuwalansi tsiku ndi tsiku sakanalephera kudziwa zimenezi. Anangoona kuti akandiuza zoona ndituluka osagula.

Ndiye taganizirani mmene ndalama zakunja zikuvutira kuno. Mameticais, ndalama za ku Mozambique, amene ndinawapeza movutikira, owerengera malo ogona ndi chakudya cha ana, anathera pa pepala limene ndinkaganiza kuti ndili nalo kale. Kuti ndikwanitse, ndinasintha makwacha kwa anyamata oyendayenda ndi mipukutu ya ndalama pamalire, pa mtengo umene iwo anafuna, poti ankaona kuti sindingabwerere. Anyamata ena amakuthamangirani galimoto isanaime n'komwe, kukulandani mapepala m'manja akuti akuthandizeni, pamapeto n'kutchula ndalama yawoyawo. Mapepala a galimoto musapereke kwa munthu amene sali kuseri kwa kauntala. Ulendo umenewo tinaufupikitsa, tinagona usiku umodzi m'malo mwa uwiri, ndipo ku damu la Cahora Bassa kumene ana ankafunitsitsa kukaona sitinafikeko.

Musamve ngati ku Zambia amalowa ulere. Nakonso galimoto yakunja imalipira msonkho wa utsi, wa khonsolo ndi wa msewu, ndipo zikaphatikizana si ndalama yochepa. Kusiyana kwake n'kwakuti zonse zimachitikira m'nyumba imodzi. Kuyambira mu Disembala 2022, pamene apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegulira chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami, simuimanso kawiri. Mumadinditsa pasipoti potuluka ndi polowa malo amodzi, ndipo chilichonse chimene akukulipiritsani mutha kufunsa kuti n'cha chiyani, akuyankhani m'chilankhulo chimene mukumva.

Chilankhulocho si nkhani yaing'ono. Ku Chipata mumalankhula Chichewa pamsika wa Kapata, pamalo omwetsera mafuta, ngakhale kwa wapolisi, ndipo amakuyankhani m'Chinyanja chawo. Ku Angónia, dera la ku Mozambique kumene kuli Ulongué, nakonso simusochera, anthu ake ndi abale athu ndithu. Koma mukatsikira ku Tete mumzinda, Chinyungwe mumangotolako mawu apo ndi apo, ndipo mapepala onse a boma ali m'Chipwitikizi. Wapolisi wa pamsewu akakuimitsani amafuna kuona ma triangle awiri ndi jekete yowala ija, ndipo ngati mulibe, simungadzifotokozere. Ku Zambia amaonanso ma triangle komanso timapepala tonyezimira, toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo. Zonsezi gulani ku Lilongwe, n'zotsika mtengo kusiyana ndi chindapusa.

Pa chakudya Tete yapambana, ndipo apa sindingakane. Nyama ya mbuzi ya ku Tete inatchuka m'dziko lonse la Mozambique ndipo kutchukako n'koyenera. Pali nkhuku yootcha ya piripiri, nsomba ya pende yochokera mu Zambezi, ndi buledi wawo wa m'mawa, wolimba kunja wofewa m'kati. Kwa omwa, mowa wa 2M wozizira m'mbali mwa mtsinje madzulo, uku mukuyang'ana mlatho wa Samora Machel, ndi chinthu chimene Chipata ilibe. Ku Chipata mudya nsima, nkhuku ndi ndiwo zotendera, zokoma ndithu, koma ndi zomwe munadya kwanu dzulo.

Tete imamvekanso kuti mwatulukadi m'dziko. Nyumba zakale za Apwitikizi, nyimbo, kavalidwe, ngakhale kukula kwa mtsinje, zonse n'zachilendo. Chipata ili ngati Mchinji yomwe yakula n'kukhala ndi Shoprite. Amene akufuna kujambula zithunzi zoti anzake pa WhatsApp adziwe kuti anali kunja, ku Chipata mumzinda adzakhumudwa.

Koma kutentha kwa ku Tete musakutenge mopepuka. Mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo chipinda chopanda makina oziziritsa simungagonemo. Zipinda zokhala nawo n'zokwera mtengo, poti mzindawu unazolowera alendo a ku migodi ya malasha ya ku Moatize amene amalipiriridwa ndi makampani. Ngati mwasankha Tete, pitani mu Juni kapena Julayi.

Chimene chimandikokera ku Chipata kwenikweni ndi zimene zili pafupi nayo. Makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa tala mumafika ku Mfuwe, pakhomo pa nkhalango yosungira nyama ya South Luangwa. Mukanyamuka ku Lilongwe Lachisanu masana, Loweruka m'mawa muli m'nkhalango. Mvuu zimadzaza mtsinje wa Luangwa, njovu zimadutsa m'malo ogona omwe ali kunja kwa mpanda, ndipo kuli mtundu wa akadyansonga umene supezeka kwina kulikonse padziko. Anyalugwe, amene kwathu kuno kuwaona ndi mwayi, kumeneko amaoneka kawirikawiri pa ulendo wa madzulo. Polowa, ife a mayiko a SADC timalipira mocheperapo kusiyana ndi ochokera kutsidya kwa nyanja, bola muonetse pasipoti. Malo ogona apamwamba ndi a madola ambiri, koma alipo ena olola kumanga tenti yanu n'kuphika nokha, ndipo banja wamba likhoza kukwanitsa.

Kulinso miyambo. Kumapeto kwa Febuluwale Angoni a Inkosi ya Makhosi Mpezeni amachita Ncwala ku Mtenguleni, kufupi ndi Chipata. Kumapeto kwa Ogasiti kuli Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Zonse ziwiri zimagwa Loweruka, ndiye zimakwanira bwino m'ulendo wa masiku awiri. Malo ogona amatha msanga nthawi imeneyo, sungitsani kukadali milungu ingapo.

Kwa a ku Blantyre masamu amasintha, chifukwa kudzera pa Mwanza ndi Zóbuè, Tete imayandikira ndipo Chipata ndi imene imatalika. Iwowo ndingawauze kuti pitani ku Tete nyengo yozizira, mutapatula ndalama ya seguro, ndipo aliyense wokugulitsani Yellow Card ya ulendo umenewu mumukane. Koma wa ku Lilongwe, Kasungu kapena Mchinji, amene ali ndi masiku awiri okha, ana kumbuyo ndi ndalama zowerengeka, apite ku Chipata n'kupitirira mpaka Mfuwe. Ine ku Tete ndidzapitanso chifukwa cha mbuzi ija ndi damu limene ana sanalione, koma ndidzafuna masiku anayi, ndipo inshuwalansi ndidzakagula pamalire pomwepo.